Kuwedza muskie ndi pike ku Minnesota

Anzanga amene muli ku Minnesota, ku America, ngati mukufuna muskie kapena pike, nsomba zikuluzikulu zodya nsomba zinzake, musamangoponya mbedza paliponse. Pitani ku nyanja ya Leech Lake, Mille Lacs kapena Lake of the Woods, muziponya m'mphepete mwa udzu wa m'madzi, pomwe pamayambira pakuya. Nsombazi zimabisala pamenepo kudikirira tinsomba.

Pakati pa chingwe ndi nyambo muzilumikizapo kawaya kachitsulo. Mano a nsombazi ndi akuthwa zedi, chingwe wamba zimachidula kamodzin'kamodzi, nyambo yanu yokwera mtengo n'kupita nayo.

Nyambo ikafika pafupi ndi bwato, musaivuule msanga. Mizani nsonga ya ndodo m'madzi, muiyendetse ngati mukulemba 8. Muskie imakonda kulondola nyambo mwakachetechete mpaka pabwato, ndipo nyamboyo ikangokhota, imaikhwathula inu mukuona.