Mukapsa kapena kudzigunda, chitani izi

Mwaonapo kuti mukakhudza poto wamoto dzanja limathawa lokha musanamve nkomwe kuwawa? Apo ubongo sunalamule kanthu ayi, uthenga wangofika mumsana nkubwerera pompo kukakoka minofu, ubongo umauzidwa pambuyo. Ndiye ululuwo umabwera kawiri, woyamba wakuthwa ngati singano womwe umathamanga pa mitsempha ya A-delta, kenako pakadutsa kasekondi nkubwera winawo wonyeka uja, wa mitsempha ya C yomwe imayenda mwaulesi, mwina mita imodzi pa sekondi.

Ngati mwangodzigunda, kaya bondo kaya chigongono, ndipo khungu silinang'ambike, sisitani pamalopo pang'onopang'ono. Asayansi Ronald Melzack ndi Patrick Wall anafotokoza mu 1965 kuti uthenga wa kukhudza ukafika mumsana umatsekereza njira ya uthenga wa ululu, ngati geti, ndiye wofika ku ubongo umachepa.

Koma kupsa ndi nkhani ina, osasisita. Thamangani kumpopi, madzi ozizira bwino aziyenderera pabalapo kwa mphindi 20 zathunthu. Eya 20, ndikudziwa ndi nthawi yaitali ndipo ambiri timasiya pa mphindi ziwiri tikamva kuti kwaleza, koma kutentha kumakhala kukulowabe mkati mwa khungu ngakhale moto wachoka, ndiye pirirani ndithu. Ayisi ayi, amafinya mitsempha ya magazi nkuwonjezera kuwononga khungu. Mafuta, batala, mankhwala otsukira mano, zonsezo zisiyeni. Vulani mphete kapena wotchi msanga pasanatupe, koma chovala chikamatirira pabala musachikoke. Matuza osawaboola. Mukatha phimbani ndi kansalu koyera kosasiya ubweya, osamanga kwambiri.

Pakhungu pali tizomverera totchedwa TRPV1 tomwe timadzuka kutentha kukafika pafupifupi madigiri 43, ndipo ndi tomweto timene tsabola amatinamiza mpaka mkamwa kumveka ngati moto. Wasayansi David Julius yemwe anatulukira tizomvererati analandira mphoto ya Nobel mu 2021 limodzi ndi wasayansi mnzake Ardem Patapoutian. Khungu likapsa tizomvererati timakhala tcheru kuposa kale, nchifukwa chake ngakhale madzi ofunda chabe amawawa pamalopo mawa lake. Paracetamol amathandiza, wamkulu asapyole magalamu 4 patsiku.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi ichi: bala lamoto lomwe silikuwawa. Anthu amati ndiye kuti ndi laling'ono, pomwe nthawi zambiri ndiye kuti moto walowa mpaka kupha mitsempha yomvera ija, khungu limaoneka loyera, lakuda kapena louma ngati chikopa. Limenelo pitani nalo kuchipatala nthawi yomweyo. Chimodzimodzinso bala loposa chikhatho chanu, la kumaso, m'manja, kumaliseche, lamagetsi kapena la mankhwala, komanso ngati wapsayo ndi mwana wamng'ono.