Kudzala agave mpaka kutcheza mowa wake, mmene timachitira kuno ku Karoo

Agave ndi m'bale wake wa khonje uja timadzala m'malire a minda kumudzi, koma uyu sitimulimira chingwe ayi, timafuna shuga wa mu tsinde lake. Ku Mexico ndi amene amapangira mowa wa tequila ndi mezcal. Kuno ku South Africa cha ku Graaff-Reinet, tauni ya m'dera louma la Karoo, yomwe yachuluka ndi Agave americana, ndipo mowa wake sitiutcha tequila poti dzinalo ndi lotetezedwa, la ku Jalisco ndi zigawo zina zochepa za ku Mexico konko.

Njere musavutike nazo. Zulani mphukira zomera m'mbali mwa chomera chachikulu, zisiyeni pa mthunzi masiku angapo bala liume, kenako dzalani pamtunda posadikha madzi. Samalani ndi anyamata ena ogulitsa mbande, amakupatsa khonje wamba n'kumati ndi blue agave ya ku Mexico, mtundu wopangira tequila, mtengonso wokwera zedi, ndiye iwe udzazindikira patapita zaka.

Blue agave imakhwima pa zaka 6 mpaka 8, americana imapitirira 10. Mtengo wa maluwa ukangotuluka pakati dulani msanga, umadya shuga yense. Pokolola sadzani masamba onse ndi chikwanje kutsale tsinde lokha, ndipo muvale magolovesi, utomoni wake umayabwa ngati chitedze.

Tsono pophika ndi pomwe pali nkhani. Tsinde laliwisi silingawire mowa, kutentha ndi kumene kumatulutsa shuga. Timakumba dzenje, kuyatsa nkhuni, kuika miyala pamwamba mpaka ifiire, utsi ukachepa ndiye kusanja zidutswa za tsinde, kufunditsa masaka onyowa n'kukwirira ndi dothi masiku atatu kapena anayi. Ife ulendo wina anatibweretsera nkhuni zosauma, miyala sinagwire moto bwino, pofukula tinapeza kunja kwada ndi utsi koma mkati mukadali moyera gwa, tinayesa kuviika sizinawire n'komwe, mbewu ya zaka 10 kupita padzala. Ndiye dulani zidutswa zofanana kukula, zazikulu zikhale pafupi ndi miyala, ndipo musafukule chifukwa cha phuma. Yopsa bwino imakhala yabulauni, yofewa, yotsekemera mukalawa.

Zotsalazi aliyense amene anaonako kachasu akuzidziwa. Sinjani, thirani madzi mu dramu, yisiti pang'ono ngati mukufulumira, sabata imodzi yawira. Tchezani kawiri. Zoyamba kudontha tayani ngakhale kwathu mutu ndiye timaukonda, zakumapeto musasakanizenso, agave amatulutsa methanol wambiri ndipo ameneyo amapha maso. Musanagulitse kwa anthu yezetsani ku labu ndipo pezani laisensi.