Mawaya a nyumba yakale: zoyenera kuona moto usanabuke

Nyumba zambiri za ku Zomba, ku Kanjedza, ku Area 18 ndi za aphunzitsi m'sukulu za mishoni zinaikidwa mawaya zaka 40 kapena 50 zapitazo. Mmisiri wa nthawiyo ankawerengera mababu ochepa, wailesi, ayironi, mwina ndi kuka. Lero nyumba yomweyo ili ndi firiji, ketulo, hotipuleti, giza, TV, ndiponso waya wopita ku nyumba ya alendi kuseri. Mita yogulira mayunitsi itabwera, ambiri anaganiza kuti magetsi a m'nyumba akonzedwa. Chinasintha ndi mita yokha. Mawaya a m'khoma ndi a m'siling'i ndi omwe aja, ndipo kuwasamala ndi udindo wa mwininyumba, osati wa ESCOM.

Kuyaka kwa babu si umboni woti mawaya ali bwino. Zinthu zimene zimateteza munthu, monga fyuzi ndi waya wa earth (wothawitsira magetsi m'nthaka), zikhoza kufa zaka khumi zapitazo magetsi n'kumayakabe ngati kale. Zimadziwika tsiku limene zikufunika.

Bokosi la mafyuzi

Yambani ndi bokosi limene lili pafupi ndi mita. Ngati muli mafyuzi ozula ndi dzanja, aja okhala ndi kawaya kopyapyala komangidwa pa timasikuluwu tiwiri, ndiye kuti bokosilo ndi lakale. Kawayako kanapangidwa dala kukhala kofooka, kuti kaduke mawaya a m'khoma asanatenthe. Ka mababu kamakhala ka ma amp 5 (amp ndi muyezo wa kuchuluka kwa magetsi odutsa pa waya), ka giza 15, ka kuka 30.

Fyuzi ikamaduka pafupipafupi munthu amatopa nayo, n'kumangapo waya wokhuthala wa kopa, msomali kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya. Apa sanachotse vuto, wangosamutsa malo ofooka. Tsopano chotentha ndi waya wa m'siling'i, umene wagona pa mitengo ya denga youma gwa. Chimodzimodzi amene achotsa buleka (swichi ya m'bokosi yogwa yokha, yogwira ntchito ya fyuzi) ya ma amp 20 n'kuikapo ya 40 chifukwa yoyambayo imagwagwa. Buleka imasankhidwa potengera kukula kwa waya umene ikuteteza. Waya wa 1.5 mm² ndi wa mababu, ndipo buleka yake ndi ya ma amp 6 kapena 10. Wa 2.5 mm² ndi wa masoketi, pa buleka ya 20, kapena ya 32 ngati wayawo wazungulira masoketi onse n'kubwereranso ku bokosi. Kuka imafuna waya wakewake wa 6 mm². Buleka ikamagwa, ikukuuzani kuti katundu wachuluka kapena penapake pali shoti, choncho funani chifukwa chake musanaikweze kachitatu.

Chikopa cha waya chikakalamba

Nyumba zomangidwa zaka za m'ma 1960 zisanafike kawirikawiri zili ndi mawaya okutidwa ndi labala, ena ali ndi nsalu pamwamba pake. Labala ameneyu akakalamba amauma, moti mukapinda waya pang'ono amangoyoyoka ngati nkhoko, kopa n'kutsala pamtunda. Waya wotere sakonzeka ndi tepi, ndi wochotsa basi. Wa PVC amakhalitsa, komabe kutentha kwa pansi pa malata mu Okutobala kumaulimbitsa mpaka kung'aluka, makamaka pamwamba pa choikamo babu. Onjezani makoswe amene amatafuna chikopacho, chiswe chimene chimadya matabwa omangirapo maswichi, ndi m'mphepete mwakuthwa mwa lata pamene waya wadutsa popanda paipi.

Mitundu ya mawaya nayonso isamaleni. Akale ndi ofiira kwa live (waya wobweretsa moto), wakuda kwa neutral (wobwererapo magetsi), wobiriwira kwa earth. Atsopano ndi abulauni kwa live, abuluu kwa neutral, obiriwira osakaniza ndi chikasu kwa earth. Nyumba imene yawonjezeredwa zipinda imakhala ndi mitundu yonse iwiri, ndipo pa swichi ya babu waya wakuda akhoza kukhala ndi moto. Pali nyumba zinanso zimene swichi inalumikizidwa pa neutral: babu lazima koma choikamo chake chili ndi moto. N'chifukwa chake ngakhale posintha choikamo babu timazimitsa pa meni swichi, kenako n'kuyeza ndi tesita, osadalira mtundu wa waya.

Polumikiza ndi pamene moto umayambira

Moto wambiri wa magetsi suyamba ndi kuphulika. Umayamba mwakachetechete pa sikuluwu yomasuka kuseri kwa soketi, kapena pamene mawaya awiri anangopotedwa ndi dzanja n'kukulungidwa tepi. Magetsi akamadutsa pamalo osagwirana bwino pamatentha, kutenthako kumadetsa kopa, kopa wakuda amatenthanso kwambiri, mpaka pulasitiki itayamba kupsa. Fyuzi siiona zimenezi chifukwa magetsi odutsawo sanapitirire mlingo wake.

Koma inu mukhoza kuziona. Ketulo ikangomaliza kuwira, zimitsani, zulani pulagi, mugwire mano ake. Akafunda pang'ono palibe kanthu, koma akatentha moti simungawagwire, soketiyo kapena pulagiyo ili ndi vuto. Onani ngati pali chikasu kapena kuda kozungulira mabowo a soketi. Nunkhizani: pulasitiki ya maswichi akale ikamapsa imamveka ngati nsomba yoyamba kuwonongeka. Usiku kukakhala zii, mverani ngati swichi ikulira kuti tsss. Babu likamaphethira munthu akayatsa ayironi, penapake pamasuka. Mukapeza chimodzi mwa izi, gwetsani buleka ya dera limenelo ndipo musaikweze mpaka mmisiri aone.

Soketi imodzi, katundu wa nyumba yonse

Khitchini yakale imakhala ndi soketi imodzi kapena awiri, ndiye ekisitenshoni imalowa m'malo mwa mawaya amene kulibe. Tiwerenge. Magetsi athu ndi a ma volt 230, ndipo pulagi ya mano atatu imanyamula ma amp 13. Tikachulukitsa timapeza ma watt 2,990, titi 3,000. Ketulo yokha imadya pafupifupi 2,000, hotipuleti ya mbale ziwiri chimodzimodzi. Ziwirizi pa ekisitenshoni imodzi ndi ma watt 4,000, omwe ndi ma amp 17. Buleka ya 20 kapena ya 32 siigwa, koma kawaya ka ekisitenshoni kakupsa. Dziwaninso kuti magetsi odutsa pa waya akawirikiza kawiri, kutentha kumawirikiza kanayi. Choncho chilichonse chotenthetsa, kaya ketulo, ayironi, hotipuleti kapena hita, chilowe pa soketi ya pakhoma chokha. Ekisitenshoni isiyireni TV, machaja ndi kompyuta, ndipo isadutse pansi pa kapeti kapena pachitseko.

Zida zochokera ku Johannesburg zimabwera ndi pulagi ya mano ozungulira imene siilowa m'masoketi athu. Musadule pulagi n'kulowetsa mawaya osenda ndi timitengo ta machesi. Ikani pulagi ya mano atatu yokhala ndi fyuzi m'kati, ya ma amp 3 kwa zida zazing'ono, ya 13 kwa zotenthetsa.

Waya wa earth

Apa tikhalitsepo, chifukwa ndi pamene anthu amafera. Ntchito ya earth ndi iyi: waya wa live akakhudza chitsulo cha firiji, kuka kapena giza, magetsi apeze njira yapafupi yothawira, ochuluka mokwanira kudula fyuzi nthawi yomweyo. Njirayo ikasowa, chitsulocho chimangokhala ndi moto kudikira munthu. Mayi wopanda nsapato pa simenti yonyowa akagwira chitseko cha firiji, iye ndiye wasanduka njirayo.

M'nyumba zambiri zakale earth inamangidwa pa paipi yachitsulo ya madzi, popeza paipiyo inkadutsa m'nthaka. Paipi itachita dzimbiri, pulambala anaikapo ya pulasitiki, madzi n'kuyamba kutuluka bwino. Palibe amene anadziwa kuti tsiku lomwelo nyumba yataya earth. Kwina kuli ndodo yakeyake yokhomedwa pansi panja pa khoma, koma pitani mukaione. Mupeza kuti waya wake anadulidwa ndi khasu posesa kapena polima maluwa, kapena chomangira chake chadyeka ndi dzimbiri, mwinanso akuba kopa anadutsapo. Ndodo yabwino imakhala yokutidwa ndi kopa, yosachepera mita 1.2 m'nthaka, ndipo pa dothi la mchenga kapena la miyala pamafunika yaitali kapena zingapo. Dothi likauma m'chilimwe earth imafooka, n'chifukwa chake kuyeza kwa nthawi imeneyo ndi kumene kumanena zoona.

Mpopi wa m'bafa kapena sinki ikamakunyerenyetsani m'manja, musazolowere. Chimenecho ndi chizindikiro choti magetsi akutayikira pa chitsulo, kawirikawiri kuchokera mu giza, ndipo earth sikugwira ntchito. Zimitsani giza pa bokosi tsiku lomwelo.

Ngakhale earth ili bwino, fyuzi siteteza thupi la munthu. Magetsi ochepa kwambiri, oposa pang'ono ma milliamp 30 (30 mA; ma milliamp 1,000 ndiwo amp imodzi), akadutsa pachifuwa akhoza kusokoneza kugunda kwa mtima, pamene fyuzi ya ma amp 30 imanyamula magetsi ochuluka maulendo 1,000 kuposa pamenepo osaduka. Chimene chimateteza munthu ndi RCD ya 30 mA, imene amisiri ena amaitcha earth leakage. Imayerekeza magetsi otuluka pa live ndi obwerera pa neutral, ndipo akasiyana imadula pasanathe sekondi. Mabokosi akale alibe chipangizochi. Pa zonse zimene mungagulire nyumba yakale, ife timaika ichi patsogolo. Ili ndi batani lolembedwa T kapena Test. Lidinikizeni kamodzi pa miyezi itatu, ndipo ikapanda kugwa, yafa. Ikaikidwa n'kumagwa kawirikawiri, musalole kuti aichotse. Yapeza vuto limene linalipo kale.

Mvula, kuzima kwa magetsi ndi jenereta

Mvula isanayambe tsekani modontha, chifukwa madzi a m'siling'i amatsata waya mpaka m'choikamo babu. Waya wopita ku nyumba ya kuseri usakhale wa masipika kapena wopachika pa mtengo wa mango ndi pa waya woyanikira zovala. Pamafunika chingwe chokutidwa ndi zitsulo chokwiriridwa pansi, ndi bokosi lakelake kumeneko.

Magetsi akazima, zimitsani ayironi ndi hotipuleti pakhoma nthawi yomweyo, chifukwa amabwerera anthu atagona kapena atachoka. Jenereta musailumikize ku nyumba kudzera pa soketi ndi waya wa mapulagi awiri. Mano a pulagi inayo amakhala ndi moto, komanso magetsiwo amabwerera ku mapolo kumene amisiri akugwira ntchito poganiza kuti azimitsa. Pamafunika swichi ya changeover, yomwe imalekanitsa nyumba ndi nthambo za ESCOM jenereta isanalowe.

Ntchito ya mmisiri

Kuona, kununkhiza ndi kuzimitsa ndi zanu. Kutsegula bokosi ndi kusintha mawaya ndi kwa mmisiri wokhala ndi chilolezo cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta, ndipo mufunseni akuonetseni. Asabwere ndi tesita ya sikuludiraiva yokha. Ayeze chikopa cha mawaya ndi makina a ma volt 500, ndipo dera lililonse lisatsike pansi pa megaohm imodzi, muyezo wa mmene chikopacho chikutchingira magetsi. Ayeze earth pa soketi iliyonse, aone ngati live ndi neutral sizinasinthane, akwere m'siling'i, kenako akulembereni zimene wapeza. Nyumba yochititsa lendi iziyezedwa zaka zisanu zilizonse. Ndalama zikachepa, yambani ndi earth ndi bokosi latsopano lokhala ndi RCD, kenako khitchini ndi giza, masoketi ena pambuyo, mababu kumapeto.

Aliyense m'nyumba, ndi ana omwe, adziwe pamene pali meni swichi, ndipo pasakhale kabati kapena matumba a chimanga patsogolo pake. Moto wa magetsi sathira madzi. Zimitsani kaye, kenako gwiritsani mchenga kapena chozimitsira moto cha ufa. Munthu akagwidwa ndi nyesi musamugwire. Thamangirani ku meni swichi, ndipo ngati ili kutali, imani pa thabwa louma mumukankhe ndi mpini wouma. Ngati sakupuma, tumani wina akafune galimoto, inu mukanikize pakati pa chifuwa mwamphamvu maulendo 100 mpaka 120 pa mphindi osaleka. Ngakhale adzuke n'kunena kuti ali bwino, apite ku chipatala tsiku lomwelo, chifukwa magetsi amaotcha m'kati mwa thupi mosaonekera pakhungu.