Musathamangire kukafomata kompyuta, yambani mwaona izi

Kompyuta ikangoyamba kuvuta pang'ono chabe, ambiri kuno ku Lusaka timainyamula kupita nayo mu town kwa anyamata okonza ndipo yankho limakhala lomwe lija, "tiifomate". Kufomata ndi kufufuta zonse nkuikanso Windows. Mwalipira, mwabwera nayo kunyumba, zithunzi za ukwati ndi ma assignment a mwana zapita, nthawi zina vuto lija likadalipo. Chonsecho zambiri mwa izi ndi za ma settings, mutha kuzikonza nokha muli khale pa mpando.

Choyamba yang'anani tsiku ndi nthawi pakona ya pansi kumanja. Inde tsiku. Intaneti ilipo, bundle ilipo, koma Chrome ikukana kutsegula Gmail kapena Facebook ikungolemba "Your connection is not private", anthu amati ndi virus pomwe kompyuta yanu ikuganiza kuti tili m'chaka china chakale, ndiye ikaona satifiketi ya webusaiti madeti sakugwirizana imakana basi. Pitani pa Settings, Time & language, Date & time, muyatse Set time automatically. Pa time zone musavutike kusaka Lusaka, pa Windows mulibe, sankhani (UTC+02:00) Harare, Pretoria, nthawi yake ndi imodzi ndi yathu. Koma ngati deti imabwereranso m'mbuyo nthawi iliyonse malaiti akapita, ndiye kuti kabatire kosunga nthawi ka pa motherboard (bolodi lalikulu la mkati mwa kompyuta) katha. Pa desktop ndi kozungulira ngati kakobiri, kolembedwa CR2032, kotchipa, kusintha kwake ndi kuzula kakale nkuika katsopano kompyuta ili yozula ku soketi. Pa laputopu kamakhala kobisika mkati, pamenepo pitani kwa odziwa.

Za malaiti izi ndiye zimapha makompyuta ambiri, makamaka chichitikire chilala cha 2024 pomwe madzi anatsika ku Kariba load shedding nkufika povuta. Desktop ikazima mwadzidzidzi ili mkati molemba mafayilo kapena mkati mwa update, mukayatsa imabwera ndi "Preparing Automatic Repair". Isiyeni imalize, musamaizimitse ndi batani chifukwa mwatopa kudikira, mukungowonjezera vuto. Ikalowa, lembani cmd pa Start, ikaoneka idineni ndi batani lakumanja la mouse musankhe Run as administrator, kenako lembani sfc /scannow, iyo iyang'ana yokha mafayilo a Windows amene aonongeka nkuwabwezeretsa. Ikatha lembani chkdsk C: /f, ikufunsani ngati ichite pa restart, yankhani Y. Ngati munali kulemba mu Word musanaseve, tsegulani Word, File, Info, Manage Document, Recover Unsaved Documents, chifukwa Word imasunga yokha mphindi 10 zilizonse ngati simunasinthe, ndiye mwina mwataya ndime imodzi chabe. Ndipo malaiti akapita zulani pulagi, pobwera nthawi zina amabwera ndi mphamvu. Ine ndimaona kuti ka UPS, kabokosi ka batire kothandiza kuti kompyuta isazime nthawi yomweyo malaiti akapita, ngakhale kakang'ono nkofunika kuposa ma speaker akuluakulu amene timathamangira kugula aja.

Bundle ikamatha msanga mukangolumikiza laputopu ku hotspot ya foni, musathamangire kunena a netiweki kuti akuba. Windows imaona ngati Wi-Fi iliyonse ndi yaulere ndiye imayamba kudawunilodi ma update mwakachetechete. Pa Settings, Network & internet, Wi-Fi, dinani dzina la hotspot yanu muyatse Metered connection kuti Windows izisamala bundle. Koma ma update musawasiye mpaka kalekale, mukapeza Wi-Fi yabwino ndipo mukudziwa kuti malaiti sapita posachedwa aloleni. Amene muli pa Windows 10 dziwaninso kuti Microsoft inasiya kuithandiza pa 14 October 2025, ikugwirabe ntchito inde koma samalani ndi zimene mumatsegula.

Kiyibodi nayo. Mukufuna kulemba @ ikutuluka ", ndi nkhani ya layout ya UK ndi ya US, imachitika kwambiri pa malaputopu ogula kwa wina. Ngati ma layout onse awiri alimo, dinani batani la Windows ndi Space pamodzi musinthe. Zilembo za U, I, O zikamatulutsa 4, 5, 6 ndi Num Lock, dinani Fn ndi NumLk basi.

Manje ya flashi, imene imaliza anthu. Mwapita nayo kokapulinta CV, pobwera mafoda onse asanduka ma shortcut, mkati mukuoneka mulibe kanthu. Musafomate ndipo musadine ma shortcut amenewo chifukwa ndi m'mene virus imalowera mu kompyuta. Mafayilo anu alipo, angobisidwa. Yambani mwaisikana ndi Windows Security, kenako mu cmd lembani attrib -h -r -s /s /d F:\*.* koma pa F paja muike chilembo cha flashi yanu monga chikuonekera pa This PC. Zinthu zikaoneka zikopereni pa kompyuta, apo ndiye mutha kuifomata flashiyo.

Kompyuta ikamachedwa, Ctrl, Shift ndi Esc zimatsegula Task Manager, pa Startup muzimitse mapulogalamu amene amadziyatsa okha pomwe simuwafuna. Ma antivirus awiri musaike, amangolimbana okhaokha kompyuta nkumakwawa. Komanso gwiritsani Restart osati Shut down mukafuna kuchotsa vuto, chifukwa cha Fast Startup, Shut down imasunga zina nkudzuka nazo zomwezo.

Ikayamba kulira kuti tiki tiki mkati, kapena ikamazima ndi sikirini ya buluu tsiku ndi tsiku ngakhale mwachita zonsezi, pamenepo mwina ndi hard disk kapena RAM, ma settings sangathandize. Koperani zanu zonse pa flashi kapena pa external hard disk tsiku lomwelo ikadali kuyaka, kenako muzipita nayo, ndipo muwauze ayese disk kaye asanaike Windows ina.