Kuwerengera fumbi ndi cheza zimene wantchito amapumira m'mapapo

Akapitawo ambiri a m'migodi, m'makwale ndi m'malo odula kapena kupera miyala amaweruza malo ndi maso. Fumbi likati koboo amati lero kwaipa, kukayera amati palibe vuto. Koma fumbi looneka ndi lalikulu, ndipo lambiri limathera m'mphuno ndi pakhosi, n'kutuluka ndi mamina ndi makhololo. Lofika mkatikati, m'timatumba ta mpweya, ndi la ma micron 4 (micron ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita) kupita m'munsi, pamene tsitsi limodzi la munthu ndi lonenepa ma micron 50 mpaka 70. Fumbi lotere simungalione, mungathe kungoliyeza ndi kuliwerengera.

Kawerengedwe kake si kovuta. Mufunika kudziwa kuchuluka kwa fumbi mu kiyubiki mita imodzi ya mpweya, mpweya umene munthu amakoka pa ola, ndi maola amene wakhala pamalopo. Chulukitsani zitatuzi. Bungwe la ICRP, loona za chitetezo ku cheza padziko lonse, limatenga makiyubiki mita 1.2 pa ola ngati kapumidwe ka wantchito wamba, ndipo pa ntchito ya kalavulagaga kamafika pa 3.

Tiyerekeze munthu amene amaboola mwala wouma kwa maola 2, ali wefuwefu, pamalo pamene pali miligalamu imodzi ya fumbi losalala mu kiyubiki mita. Wakoka mamiligalamu 6. Maola 6 otsalawo akugwira ntchito yopepuka pamalo pa mamiligalamu 0.1, ndipo apo wakoka 0.72 basi. Taonani, maola awiri aja ndiwo amupatsa pafupifupi fumbi lonse la tsikulo. N'chifukwa chake ndimalimbikira kuti tsiku muzilidula ntchito ndi ntchito, osangotenga avereji ya malo onse. Mukatero mudziwa pamene payenera kuyamba paipi ya madzi ndi fani yokoka fumbi, m'malo momwaza ndalama paliponse.

Nambala yoyamba ija, ya kuchuluka kwa fumbi, iyezedwe pamphuno pa munthu. Kapampu kamamangidwa pa lamba, kapaipi kake n'kukwera mpaka pakolala pamene pali sefa, ndipo sefayo imayezedwa pa sikelo ya ku labotale isanavalidwe komanso itavulidwa. Makina opachikidwa pakhoma patali ndi ntchito nthawi zambiri amapereka nambala yochepa kuposa imene woboola mwalayo akupuma. Ngati mwalawo uli ndi silika, chinthu cholimba chopezeka mu mchenga ndi m'miyala yambiri, pemphani labotale iyeze silikayo payokha. Ku America malire ake ndi mamiligalamu 0.05 mu kiyubiki mita pa maola 8. Silika amaumitsa mapapo mosabwezeka, komanso amatsegulira njira chifuwa chachikulu.

Si zonse zokokedwa zimene zimatsala. Tinthu ta pafupifupi theka la micron tambiri timatulukanso popuma. Togwera m'mipita ya mpweya timakankhidwira kukhosi ndi tiubweya ta m'menemo, tambiri pa tsiku limodzi kapena awiri. Tofika m'timatumba, ngati n'tosasungunuka, timakhala miyezi ngakhale zaka. Munthu wotopa amapumira kukamwa, ndiye sefa ya m'mphuno ija yalambalalidwa.

Pa fumbi lotulutsa cheza, monga la miyala ya yureniyamu, masamu ndi omwewo, kungoti m'malo mwa mamiligalamu muwerenga ma becquerel, muyeso wa kuchuluka kwa cheza chimene fumbilo likutulutsa. Zimene mwapeza muchulukitse ndi nambala ya m'matebulo a ICRP, ozikidwa pa chithunzi cha njira ya mpweya chimene bungweli linatulutsa mu 1994, ndipo yankho lituluka mu ma millisievert, muyeso wa cheza chimene thupi lalandira. Nambalayo imasintha malinga ndi kukula kwa fumbi komanso kufulumira kwake posungunuka. Pamene kukula sikunayezedwe, pamalo a ntchito amatenga ma micron 5. Apa musachite zongoganizira, funsani katswiri wa zacheza kuti akusankhireni mzere woyenera m'matebulomo, chifukwa mzere wolakwika ungachepetse yankho kangapo. Malire a wantchito ndi ma millisievert 20 pa chaka, potengera avereji ya zaka 5.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi radon, mpweya wopanda fungo kapena mtundu wotuluka m'nthaka ndi m'miyala, umene umaunjikana m'migodi ndi m'zipinda zosapita mphepo. Ukamasweka umabala tinthu totulutsa cheza totchedwa polonium timene timakakamira pa fumbi n'kukhala pa khoma la mipita ya mpweya. Cheza chake, cha mtundu wa alpha, sichingaboole ngakhale pepala, koma m'mapapo mulibe chotchinga, ndipo powerengera kuwononga kwake chimachulukitsidwa ka 20. WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, imati radon imayambitsa 3 mpaka 14 pa 100 alionse a khansa ya m'mapapo, malinga ndi dziko, ndipo imalangiza kuti m'nyumba isapitirire ma becquerel 100 mu kiyubiki mita, zikavuta 300. Mukaika kachipangizo koyezera radon, musakachotse msanga. Radon imakwera ndi kutsika ndi nyengo, choncho kasiyeni miyezi itatu kapena kuposerapo. Wosuta fodya ali pachiopsezo cha radon kuwirikiza pafupifupi ka 25 poyerekeza ndi wosasuta, ndiye muuzeni mosabisa.

Za masiki, musamachotsere 95 pa 100 chifukwa choti pabokosi palembedwa N95. Mpweya umalowera m'mbali, makamaka pa ndevu. Masiki yokwana bwino pankhope iwerengereni kuti yachepetsa fumbi ka 10, ndipo maola amene inali pachibwano muwawerenge ngati panalibe masiki.

Wantchito aliyense akhale ndi tsamba lake m'kaundula: ntchito, maola, zimene sefa inasonyeza, ndi tsiku. Matenda a silika ndi khansa amaonekera patapita zaka 10, 20 kapena kuposerapo, mwina munthu atasiya kale ntchito, choncho pochoka mumupatse kope la tsambalo kuti akamuonetse dokotala.