Kufufuza komwe dzina la Jumbe lidachokera

Mnyamata wa dzina loyamba la Jumbe ndi wosowa, koma musathamangire kunena kuti ndi wa kubanja lachifumu. Yambani mwakhala pamkeka ndi agogo a kuchimuna ndi kuchikazi. Afunseni kuti adamutcha ndani, nanga lidaperekedwa potuluka m'chikuta kapena ku jando? Ambiri amasochera pomwepa, chifukwa dzina la ku jando limakwirira la paubwana.

Liwu loti Jumbe ndi la Chiswahili, limatanthauza mfumu. Kuno ku Nkhotakota lidali dzina la udindo kuyambira kwa Salim bin Abdullah, wamalonda wa Chiswahili amene adakhazikika m'zaka za m'ma 1840. A Jumbe adalowana angapo, choncho agogo akati "ndife ake a Jumbe", funsani mwaulemu kuti Jumbe wake uti.