Musanagule tayala la njinga yamoto, werengani manambala anayi

Anzanga a kabaza, mvula ikayandikira ambiri mumathamangira kukagula matayala, koma mumangoyang'ana mano basi. Pambali pa tayala, pamapeto pa zilembo zoyamba ndi DOT, pamakhala manambala anayi. Mukaona 2322, ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2022. Tayala likagona zaka zambiri m'sitolo mphira wake umauma ngakhale lisanapondepo msewu, ndipo pa tala wonyowa limaterereka ngati mwaponda therere. Wogulitsa sangakuuzeni zimenezi, iye akufuna katundu atuluke.

Za mano, sankhani molingana ndi komwe mumayenda. A mano akuluakulu amagwira bwino m'matope a kumudzi, koma pa tala amalira ndiponso amatha msanga. Ngati ntchito yanu ndi ya m'tauni, musatengeke ndi maonekedwe.

Chomwe chimapha matayala ambiri ndi mpweya wochepa. Kumenya tayala ndi phazi si kuyeza ayi. Yezani ndi geji yoyezera mpweya m'mawa lisanatenthe, ndipo tsatirani manambala a m'kabuku ka njingayo. Pa njinga za Boxer ndi zina zotere, lakumbuyo limafuna mpweya wochulukirapo mukanyamula munthu. Mukakweza kasitomala ndi thumba la chimanga pa tayala lofewa, dzenje limodzi lokha limatsina tchubu pa limu, ulendo n'kuthera pomwepo.

Mukagwada kuti muyeze mpweya, gwedezaninso tcheni. Chizisewera masentimita 2 kapena 3, osachikunga ngati chingwe cha gitala.